Mpunga Ukacha

Galimoto ya matola isadaime n'komwe pa siteji ya ku Lifuwu, mbuzi idayamba kulimbana ndi chingwe, ndipo Kettie adachita kuikanikiza ndi bondo kwinaku atakumbatira thumba la shuga. Njira yonse kuchokera ku boma kwa Salima anthu a pagalimotopo adakhala akukangana za zipani, aliyense kutamanda chake mokweza, poti chimenecho chidali chaka cha 1995, pakamwa patamasuka, munthu akuyankhula osayamba wacheuka kaye. Koma Kettie mutu wake udali pa nkhuni, miphika yobwereka ndi alendo amene ankayembekezeka Loweruka.

Atangotsitsa mbuziyo adaona kafumbi kakubwera kuchokera kumudzi. Adali Yankho, mwana wa mkulu wake, msungwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, akuthamanga diresi ili petupetu.

"Amayi aang'ono, mbuziyo ndi yathu?"

"Ndi yathu. Tanyamula shugayu, koma usaboole thumba ndi chala, ndimakudziwa."

Yankho sadalandire thumbalo. Adayang'ana mbuzi, adayang'ana Kettie, kenako nkhope yonse idangoti mwee.

"Ndiye kuti akubwera," adatero. "Mpunga wacha, mbuzi ndi iyi. Amayi akubwera!"

Adatembenuka n'kuliyatsa liwiro la kumudzi, akudumpha ngalande za m'sikimu ya mpunga, akuuza aliyense wokumana naye, ngakhale munthu wongodutsa pa njinga. Kettie adangoti kakasi pamsewupo, chingwe chili m'manja.

Mayi ake a Yankho, Christina, adamwalira chaka chapitacho. Ankagwira ntchito yoyala mabedi pa hotela ina ku Senga Bay, ndipo kumudzi ankabwera pakutha pa mwezi pokha, atanyamula buledi ndi tizidutswa ta sopo wonunkhira. Adadwala masabata atatu n'kutsirizikira kuchipatala ku boma. Uthenga utafika, mlongo wawo wamkulu, a Wilson, amene adali mwinimbumba, adagamula kuti mwana asauzidwe. Adati mtima wa mwana ngwanthete, sungasenze maliro. Choncho Yankho adamupititsa kugombe kwa Zuleka, mnzake wa Kettie wogulitsa nsomba, ndipo adakakhala kumeneko masiku asanu. Pobwerako adamuuza kuti mayi ake awasamutsira ku hotela yaikulu ku Lilongwe.

Bodzalo lidagwira, poti mwanayo adali atazolowera kale kudikira. Koma miyezi itayamba kutha popanda buledi, mafunso adachuluka. Tsiku lina mu Januwale, Kettie ali weramu m'matope kuwokera mpunga, msana ukuwawa, mwana ali chilili pamtumbira kufunsa mobwerezabwereza kuti amayi abwera liti, iye adangoyankha zomuchotsa: "Adzabwera mpunga ukacha, tidzawaphere mbuzi." Adanena n'kuiwala. Ndi mmene tilili ife akuluakulu, mawu kwa mwana timangotaya ngati makoko a mtedza, osadziwa kuti mwini wake akutola.

Tsono mpunga udacha, adamweta, adapuntha, ndipo banja lidagwirizana zomanga chiliza pamanda a Christina. Amisiri adali atamaliza kale kuwaka ndi kupaka laimu. Loweruka lidali tsiku lokachionetsa kwa abale, kenako phwando, monga mwa mwambo. Mbuzi ija idali ya phwando limenelo.

Lachisanu pakhomo padali piringupiringu. Mitondo itatu inkalira nthawi imodzi, thobwa akuphika m'migolo, abale a ku Chipoka ndi a ku Khombedza akufika ndi mitolo yawo, moni wake wosatha. Wina ankafuna chipande, wina ankakalipira galu, wina ankaseka nsalu ya chipani imene mnzake adavala, amvekere yakuyanja ngati nsima ya dzulo. Anthu adali osangalala ndithu, pakuti chiliza si maliro. Misozi idatha kale, chotsala n'kudya ndi kuvina. Koma wosangalala kuposa onse adali Yankho. Adasesa bwalo kawiri. Adatunga madzi mpaka mitsuko kusefukira. Adathyolera mbuzi masamba n'kuipepesa kuti mawa idyedwa, koma isadandaule poti ikudyedwa ndi munthu wa ku Lilongwe. Ana anzake adawauza kuti amene adamumana nzimbe asayembekezere buledi.

"Inunso mwabwera kudzawachingamira amayi?" adafunsa mayi wina wa ku Chipoka amene ankapeta mpunga.

"Eya, mwana wanga," mayiyo adayankha maso ali palichero, n'kuyamba kupeta mwamphamvu ngati mpungawo wamulakwira.

Onse ankatero. Mwana akayandikira, nyimbo ya pamtondo inkakwera kuti funso lisamveke.

Zuleka adafika masana atasenza dengu la chambo chowamba, ndi uthenga wakuti mlongo wake abwera m'mawa kudzazinga mbuzi kuti Asilamu nawonso adye nawo. Adali mayi wamtali, wa pakamwa posabisa, amene mwamuna wake adamira panyanja zaka zitatu zapitazo n'kumusiyira ana awiri, mmodzi mwa iwo dzina lake Layla. Atangomva Yankho akuimba kanyimbo kopeka yekha ka basi ya ku Lilongwe, adatula dengu n'kukokera Kettie kuseri kwa khitchini.

"Iwe Kettie, chimene ndikumvachi n'chiyani?"

"Ndinalakwitsa pakamwa, mayi a Layla. Ndinkangofuna andisiye ndiwokere mpunga."

"Walira mvula walira matope. Ndiye mawa umuuza kuti chiyani?"

"Ndimati mwina mumutengenso kwanu. Phwando likatha tidzati abwana awakaniza tchuthi."

"Kwa ine? Wallahi, ayi. Chaka chatha ndinamudyetsa zitumbuwa masiku asanu, iye akuseka, kuno mukuika mayi ake. Mpaka lero ndikamuona ndimayang'ana kumbali ngati ndinamubera. Anga aja ndinawauza tsiku lomwe bwato linapezeka lopanda munthu. Analira, anakana chakudya, Layla anandiluma pamkono apa, chipsera ichi. Koma pa sadaka anadya akudziwa kuti tikudyera bambo awo, ndipo lero sakhala kugombe kuyang'ana mabwato obwera."

"Anu ndi anu. Uyu mwini wake ndi achimwene."

"Kawafunse tsono achimwene akowo kuti bodzali alisunga mpaka tsiku la ukwati wake kapena."

A Wilson adali pansi pa mtengo wa mango akuyesa mabatire a wailesi ya kaseti, ali ndi chimwemwe cha munthu amene wamangira mlongo wake chiliza choposa ziliza zonse za m'mudzimo. Sadali munthu wankhanza ayi. Yankho ankamukonda ngati wawo, ndipo sukulu yaulere itayamba adamuperekeza okha tsiku loyamba atamukweza pa njinga.

"Achimwene, mwana uja akuti phwandoli ndi lochingamira mayi ake."

"Ndamva. Msiye asangalale, akadzakula adzadziwa yekha. Tonsefe tinadziwa choncho."

"Nanga mawa akapanda kuwaona?"

"Mwana ndi mwana, tidzamupatsa chiwindi cha mbuzi n'kuiwala. Ife tikamapita kumanda atsale kuno ndi anzake. Kettie, usandiwonongere tsiku. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Kettie adabwerera kumitondo. Ankawaopa achimwene ake, koma tinene zoona, chimene ankaopa kwambiri ndi nkhope ya mwanayo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Adadziuza kuti amuuza akamaliza kusinja, atamaliza kusinja adati akamusambitsa, atamusambitsa adati m'mawa.

Loweruka kudacha ndi mwera wozizira. Mbuzi idazingidwa, miphika idaterekedwa pamoto, wailesi idayamba kugunda, ndipo atsikana adali atayamba kale kuyeserera chimtali kuseri kwa nkhokwe. Kettie ankadula anyezi pamene adazindikira kuti chidzukire palibe amene wamufunsa funso. Adalowa m'nyumba. Yunifolomu ya Yankho, chovala chake chokhacho chosang'ambika, padalibe pachingwe.

Adataya mpeni n'kuthamanga. Ankadziwa kuti cha m'ma naini koloko pafika galimoto ya anzake a Christina a ku hotela, amene adalonjeza kudzaimba kumanda, ndipo iwowo za bodza la pakhomopo sankazidziwa. Adadutsa m'minda yomweta kale, ziputu za mpunga zikumubaya kumapazi, patapata imodzi n'kutsalira m'ngalande, iye osacheuka. Azibambo ena opita kuphwando adamufunsa ngati wapsereza ndiwo, iye n'kungowadutsa.

Adamuonera patali. Yankho adali ataima pachulu cha pa siteji kuti aziona bwino msewu, atavala yunifolomu, miyendo ataipaka mafuta ophikira mpaka kunyezimira. Galimoto idali ikuima kumene. Azimayi ovala madiresi a buluu a ku hotela, ofanana ndi imene Christina ankabwera atavala, ankatsika mmodzimmodzi akuimba, ndipo mwanayo adatsika pachulu paja n'kumathamanga kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, akusuzumira nkhope iliyonse.

Womaliza kutsika adali Eveles, amene ankagona chipinda chimodzi ndi Christina ku Senga Bay. Adamuzindikira mwanayo nthawi yomweyo.

"Kodi si Yankho uyu? Taonani anzanga, nkhope yeniyeni ya..."

"Asisi, tsogolani, tikupezani kunyumba," Kettie adawadula mawu ali wefuwefu.

Eveles adamuyang'ana, adayang'ana mwana, ndipo adamvetsa. Nyimbo idazima, azimayiwo n'kulowa njira ya kumudzi mwakachetechete. Yankho adazungulira galimoto, adasuzumira kumbuyo, adasuzumira kwa dalaivala. Mudalibe munthu wina.

"Akwera ina yam'mbuyo," adatero, koma mawu ake adali atachepa.

Apa ndi pamene Kettie akadatha kunena za abwana okaniza tchuthi. Mawuwo adali okonzeka palilime, ndipo mwanayo akadawalandira, poti adali wokonzeka kulandira chilichonse. Koma adayang'ana timiyendo topaka mafuta tija, ndipo adachita manyazi amene sadawachitepo chibadwire. Adakhala pansi pafumbi pomwepo ndi chitenje chake chatsopano, n'kumukhazika mwanayo pamiyendo.

"Yankho, ine ndinakunamiza. Tonse tinakunamiza. Amayi ako sali ku Lilongwe. Anadwala kwambiri chaka chatha, tinapita nawo kuchipatala, koma anamwalira. Tinawaika kumanda kumsitu uko. Sabweranso, mwana wanga, ngakhale mpunga uche kangati."

Mwanayo adayang'ana galimoto imene inkatembenuka kubwerera ku boma.

"Ngati agogo ake a Mayeso?"

"Eya, ngati agogo ake a Mayeso mnzako uja."

"Nanga mbuzi?"

"Ndi ya chiliza chawo. Manda awo tawamanga ndi simenti, ndiye anthuwa abwera kudzaona."

Yankho adayamba kukanda mafuta a pabondo ndi chikhadabo.

"Nthawi ija ndinabwera kuchokera kwa a Zuleka n'kupeza nonse mwameta mpala, munati m'nyumba mwalowa nsabwe."

"Sizinali nsabwe. Maliro akatha, abale amameta."

"Munalira?"

"Tinalira kwambiri."

"Ine ndinali kudya zitumbuwa," adatero mwanayo pang'onopang'ono. "Amayi ndi anga, koma munalira nokha."

Pamenepo chidaphulika. Adamumenya Kettie pachifuwa ndi tinkhonya take, adamukoka bulauzi mpaka batani kuthothoka, akulira kulira kwenikweni kochokera m'mimba. Pakamwa pa Kettie padabwera mawu amene tonse timathamangira, akuti tonthola, koma adawameza. Adamusiya amenye. Kenako adapezeka kuti nayenso akulira, ndipo adadabwa kuti misozi imene ankati idatha chaka chatha idali ikadalipo yambiri.

Adamubereka kumsana ngati khanda n'kubwerera naye. Asadafike n'komwe, anthu a pakhomo adamva kulirako, ndipo wina adazimitsa wailesi. A Wilson adatuluka pagulu nkhope itachita mdima.

"Kettie, wachita chiyani?"

"Ndamuuza, achimwene. Mudzandikalipire mawa."

"Pamaso pa alendo onsewa? Ndinakuuza chiyani dzulo?"

Kettie asadayankhe, Yankho adatsetsereka kumsana kuja n'kukaima patsogolo pa amalume ake, mamina ali chuchuchu.

"Amalume, mundimete."

"Kumeta kunatha chaka chatha, mwana iwe. Lero ndi tsiku losangalala."

"Inu munameta. Ine sindinamete."

A Wilson adayang'ana miphika, adayang'ana alendo, adayang'ana atsikana a chimtali amene adali atamanga kale nsalu m'chiuno.

"A Wilson," adatero Zuleka akupukuta manja, "maliro n'kulirana. Inu uthenga unakupezani chaka chatha, mwanayu wamupeza lero, ndiye maliro ake ndi a lero. Chimtali sichiwola."

Atatero adakhala pansi pafupi ndi mwanayo n'kutambasula miyendo monga akhalira azimayi pasiwa. Eveles adakhala pambali pake, anzake a madiresi a buluu nawonso, ndipo adayamba nyimbo ya pamaliro chapansipansi. Mayi wa ku Chipoka uja adasiya chipande mumphika n'kubwera, chitenje chili kumaso. Posakhalitsa bwalo lonse lidali pansi.

A Wilson adalowa m'nyumba, ndipo Kettie adaganiza kuti akwiya zenizeni. Koma adatuluka atanyamula beseni la madzi, sopo ndi lezala latsopano. Adakhala pampando, adamuika mwanayo pakati pa mawondo awo, n'kuyamba kumupaka thovu kumutu.

Lezala likuyenda, mafunso adayamba kutuluka, ndipo ulendo uno padalibe wokweza nyimbo.

"Zinkawawa?"

"Masiku oyamba zinkawawa," Kettie adayankha. "Kumapeto ankangogona."

"Ananditchula?"

"Tsiku lililonse. Anati ndizikusambitsa madzi ofunda poti suchedwa kugwidwa chifuwa."

"Ku hotela tinatopa nalo dzina lako," Eveles adalowererapo akupukuta m'maso. "Ndipo amayi ako sanali munthu wamasewera. Tsiku lina nyani analowa m'chipinda cha mzungu n'kuba chipewa. Tonse tinathawa, ngakhale alonda. Koma Christina anatenga pilo n'kumuthamangitsa nyani uja mpaka kumiyala, akumulalatira kuti chipewa si cha bambo ako. Nyani anaponya chipewa, iwo n'kubwera atachivala okha."

Yankho adaseka, kuseka kwa mamina ndi misozi pamodzi, kenako adadzigwira pakamwa mwamantha.

"Kuseka n'kololedwa?"

"N'kololedwa," Zuleka adatero. "Pamaliro timalira, timaseka, timadya, kenako timaliranso."

Tsitsi linkagwera pa yunifolomu ndi pafumbi. Lezala litafika pafupi ndi khutu, a Wilson adaimitsa kumeta. Dontho lidagwera pampala pa mwanayo, kenako lina. Yankho adatembenuka n'kuwayang'ana.

"Sopoyu wandilowa m'maso," adatero a Wilson.

"Amalume, musanamenso."

Bambo wamkuluyo adaika lezala pabondo. Chaka chatha iwo ndi amene adathamanga ndi za bokosi, za adzukulu okumba manda ndi za chakudya cha anthu, ndipo palibe adawaona akugwetsa msozi.

"Ndikulira, mwana wanga," adatero. "Anali mlongo wanga. Ndinkamubereka kumsana ali ngati iweyo."

Adalira awiriwo, wina mutu uli theka thovu, ndipo bwalo lidawadikira. Mpunga wa mumphika wina udapserera, koma palibe adadzuka kukauona.

Atamaliza kumeta, Kettie adamutsuka mwanayo kumutu ndi madzi ofunda. Dzuwa lidali litakwera, ndipo anthu adayamba kundandalika kuti apite kumanda. Yankho adagwira chala cha Kettie n'kulowa nawo pamzere. Bambo wina wa ku Khombedza adang'ung'udza kuti chikhalire mwana sapita kumanda.

"Uyu wameta," a Wilson adayankha osatembenuka. "Namfedwa wamkulu ndi iyeyu. Atsogole."

Yankho adakoka dzanja la Kettie kuti awerame.

"Nanga mawa ndikafunanso kulira?"

"Ubwere kwa ine. Ukapeza ndili kusikimu, pita kwa amalume, kapena kwa a Zuleka. Ukafuna nkhani za ku hotela, tidzakwera matola kupita kwa a Eveles. Ndipo ukafunsa kanthu tidzakuyankha zoona."

Mwanayo adagwedeza mutu. Adasiya dzanja la Kettie n'kupita kutsogolo kwa mzere, azimayi a madiresi a buluu akuimba pambuyo pake. Njira ya kumanda sankaidziwa, choncho atafika pamphambano adaima, n'kudikira kuti amalume ake amulozere.